Anandikoka mwendo ku mafizo mpaka mkati munalira: kodi zimenezi zimachiza chiuno?

Funso

Adokotala, ndine mayi wa zaka 58, ndimagulitsa usipa ndi matemba mumsika. Papita zaka ziwiri chiyambire kumva ululu m'mphechepeche mwa mwendo wakumanja, nthawi zina umatsikira mpaka pa bondo. M'mawa mwendo umadzuka wouma, kunjuta kuchimbudzi ndi nkhondo, ndipo kabaza ndinasiya kukwera chifukwa sinditha kuponya mwendo. Pamaliro anzanga akakhala pamphasa ine ndimafunafuna mpando, mpaka ena amandiyesa wodzimva. Kuchipatala anandijambula n'kundiuza kuti ndi nyamakazi, fupa la m'chiuno layamba kudyeka, ndipo ananditumiza ku mafizo. Kumeneko anandigoneka chagada, anagwira mwendo pa akakolo n'kuukoka, kenaka anaukoka mwadzidzidzi mpaka mkati munalira kuti kho. Nditadzuka mwendo unapepuka, ndinayenda bwino masiku awiri, kenaka kuuma kunabwerera. Mwana wanga wa ku Johannesburg akuti fupa linasuntha, ndipite kumeneko kuli akatswiri obwezeretsa mafupa m'malo mwake. Anzanga a kumsika akuti ndisiye, adzandithyola. Kodi kukokaku kumathandizadi? Kungandibwezere mphamvu m'mwendo? Ndipitirize kapena ndisiye?

Yankho

Amayi, zikomo pofotokoza mwatsatanetsatane chonchi. Poyamba khazikani mtima pansi. Zimene anakuchitanizo ndi njira yodziwika ya mafizo, imaphunzitsidwa kusukulu, ndipo kwa munthu amene wapimidwa bwino n'kupezeka ndi nyamakazi ya m'chiuno, si yoopsa. Phokoso lija silinali la fupa lothyoka, komanso silinali la fupa lobwerera m'malo mwake. Kubwerera kwa kuuma patatha masiku awiri sikutanthauza kuti chithandizo chakanika kapena kuti matenda akula. Ndi mmene chithandizo cha manja chimakhalira chikasiyidwa chokha. Nkhani yaikulu yagona pa zimene inu mumachita m'masiku awiri amenewo, koma tisanafike pamenepo mudziwe kaye mmene chiuno chanu chinamangidwira.

Pamwamba pa fupa la ntchafu pali mutu wobulungira umene umalowa m'chibowo chakuya cha fupa la chiuno. M'mphepete mwa chibowocho muli mkombero wolimba wogwira mutuwo, ndipo mfundo yonseyi yakutidwa ndi thumba lochindikala lomangidwa ndi mitsempha. Umodzi mwa mitsemphayi, wa kutsogolo, ndiwo wolimba kuposa yonse yomanga mafupa m'thupi la munthu. Pamwamba pa zonsezi pali minofu ikuluikulu ya matako ndi ya ntchafu. Nthawi iliyonse mwaponda poyenda, mfundo imeneyi imalandira mphamvu yokwana kulemera kwa thupi lanu pafupifupi kawiri ndi theka. Fupa lomangidwa chotere silisuntha pang'ono n'kumadikira munthu woti alikankhire m'malo. Kuti chiuno cha munthu wamkulu chiguluke pamafunika ngozi yeniyeni, ya galimoto kapena kugwa kuchokera pamwamba, ndipo woguluka chiuno saimirira n'komwe, amachita kunyamulidwa. Inu mukupita kumsika ndi miyendo yanu. Fupa lanu lili m'malo mwake.

Chimene chasintha ndi china. Nsonga za mafupa zimakutidwa ndi chicherewecherewe, komwe kaja koyera, koterera, kamene mumakaona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Pa nyamakazi yamtundu wanuwu chimenechi chimapyapyala, m'mphepete mwa mafupa mumamera timafupa towonjezera, thumba lija limakhuthala n'kuuma, ndipo minofu yozungulira imagwira mwamphamvu pofuna kuteteza malo owawa. Kupinda kwa mfundo timakuyeza m'madigiri. Chiuno chabwino chimapinda madigiri pafupifupi 120 mukakweza bondo kulinga pachifuwa, chimatambasukira kumbali madigiri pafupifupi 45, chimatembenukira mkati pafupifupi 40, ndipo chimabwerera kumbuyo madigiri 10 mpaka 20. Kuyenda pamalo athyathyathya kumangofuna madigiri 30 kutsogolo ndi 10 kumbuyo. N'chifukwa chake kumsika mukufikabe, koma kunjuta, kumene kumafuna madigiri onse 120 kapena kuposa, kwakukanikani. Kuponya mwendo pa kabaza kumafuna kupinda, kutambasula ndi kutembenuza nthawi imodzi, ndiye n'kumene kumayamba kutha. Za bondo musadabwe. Mitsempha yotumiza uthenga wa ululu kuchokera m'chiuno ndi yomweyo imafikanso pa bondo, moti alipo anthu amene amathowa bondo zaka zambiri pamene gwero la vuto lili pamwamba.

Tsopano manja amachitanji? Njira imene munalandira inu ndi yokoka mwendo motsata kutalika kwake. Wodwala amagona chagada, ine wa mafizo ndimaima kumapazi, ndimagwira mwendo pamwamba pa akakolo ndi manja onse, ndimaukweza pang'ono n'kuutengera kumbali pang'ono, pamalo amene thumba lija limakhala lomasuka kwambiri. Kenaka ndimatsamira chambuyo ndi thupi lonse, osati kukoka ndi mikono. Poyamba mwendo umakana, mumachita kumva minofu itagwira. Ndikadikira osawonjezera mphamvu, wodwala n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndimamva m'manja mwangamu mwendo ukulolera. Apo mutu wa fupa wachokako pachibowo mamilimita ochepa chabe, ndipo ndikasiya umabwerera pomwepo. Munthu akakhala ndi vuto la bondo timagwira pamwamba pa bondo kuti tisalipweteke.

Pali njira inanso ya lamba, imene anaitchukitsa ndi Brian Mulligan wa ku New Zealand. Lamba wolimba timamukulunga pamwamba penipeni pa ntchafu yanu, mbali inayo n'kuzungulira m'chiuno mwa wopereka chithandizo. Iye akatsamira chambuyo, mutu wa fupa umakokedwera kunja pang'ono, ndipo nthawi yomweyo bondo limapindidwa kulinga pachifuwa kapena mwendo umatembenuzidwira mkati. Lamulo la njira imeneyi ndi lakuti isapweteke. Ikapweteka ndiye kuti lamba sanakhale bwino kapena njirayo siikuyenera munthuyo. Ine ndimaikonda kwa anthu ovutika kunjuta, chifukwa wodwala amadzionera yekha pompo bondo likufika pamene silimafika.

Mphamvu imene timagwiritsa ntchito inaikidwa m'magawo ndi Geoffrey Maitland wa ku Australia. Gawo 1 ndi 2 ndi kugwedeza mofatsa, kochepetsa ululu. Gawo 3 ndi 4 ndi kukankha mpaka pamene mfundo yalekezera, kofuna kumasula kuuma. Gawo 5 ndiko kukoka kwadzidzidzi, kwakanthawi kochepa kwambiri, kumene munamva inu. M'kati mwa mfundo muli timadzi toterera. Nsonga za mafupa zikatalikirana mwadzidzidzi, mpweya umene unasungunuka m'timadzito umatuluka n'kupanga kampata, ndipo phokoso limamveka nthawi yomweyo. Mu 2015 akatswiri a ku University of Alberta ku Canada anajambula chala chikulizidwa m'makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI n'kuona kampata kameneka kakupangika. N'chimodzimodzi ndi kuliza zala, ndipo pamapita mphindi pafupifupi 20 mfundo isanathe kuliranso. Ndikunena zimenezi chifukwa odwala ambiri amabwera kudzafuna phokoso, ndipo lisanamveke amaona ngati sanathandizidwe. Phokoso si muyeso wa kuchira. Chiuno chambiri chimamasuka bwino osalira n'komwe.

Nanga kupepuka kuja kunachokera kuti? Mbali yaikulu ndi ya mitsempha ya uthenga ndi ubongo. M'thumba lokuta mfundo muli timitsempha tomva kukokedwa ndi kugwedezeka. Tikadzutsidwa, uthenga wa ululu wopita kumsana ndi kuubongo umachepa kwa kanthawi, minofu imene inagwira imamasuka, ndipo mantha osuntha mwendo amachepanso. Thumba lokhalo limafewako pang'ono, koma silitalika mpaka kalekale chifukwa chokokedwa kamodzi. Tikayeza chithandizo chisanayambe ndi pambuyo pake, kawirikawiri timapeza kuti madigiri angapo awonjezeka, osati makumi. Madigiri angapowo si ochepa kwa munthu amene amalephera pang'onong'ono kufikira phazi lake posamba. Koma chicherewecherewe chimene chatha sichimeranso ndi manja, ndipo pamene kafupa kowonjezera katseka njira, palibe dzanja lingakachotse. Wa mafizo wodziwa ntchito amasiyanitsa ziwirizi pomva mmene mwendo ukuimira: ukaima mofewa, motamuka, pali chiyembekezo chomasula, ukaima mwadzidzidzi fupa litagunda fupa, kukakamiza kumangowonjezera kutupa.

Funso lanu la mphamvu ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene anthu amalonjezedwa zambiri. Mfundo ikamawawa kapena ikatupa, thupi limachepetsa lokha uthenga wopita ku minofu yoizungulira. Mnofu ulipo koma sulandira lamulo lonse loti ugwire ntchito. Pa chiuno, imene imakhudzidwa kwambiri ndi minofu ya matako, makamaka wa m'mbali umene umagwira chiuno kuti chisapendekeke mukaimira mwendo umodzi. Ululu ukachepa pambuyo pa chithandizo cha manja, uthenga uja umatseguka, ndipo tikayesa mphamvu nthawi yomweyo nthawi zina imaoneka yokwera. Kafukufuku wochepa amene anaonetsa zimenezi ambiri anachitika pa magulu ang'onoang'ono, ena a achinyamata opanda matenda, ndipo anayeza patangopita mphindi zochepa. Imeneyo si mphamvu yatsopano, ndi yakale imene inatsekeredwa. Mnofu umene wakhala zaka ziwiri usakugwira ntchito mokwanira umakhala utawonda, ndipo mukadziona pagalasi thako la mbali yodwalayo nthawi zambiri limakhala laphwa poyerekeza ndi linzake. Kuti umerenso pamafunika kuulemetsa mobwerezabwereza kwa masabata 8 mpaka 12. Palibe angakuchitireni zimenezo inu mutagona pabedi.

Akafukufuku nawonso sananene chimodzi. Mu 2004 ku Netherlands anatenga anthu 109 a nyamakazi ya m'chiuno, ena anawapatsa chithandizo cha manja chophatikizapo kukoka kwadzidzidzi kuja, ena masewera olimbitsa thupi, onse maulendo 9 m'masabata 5. Mwa olandira cha manja, 81 pa 100 alionse ananena kuti apezako bwino, pamene mwa enawo anali 50 pa 100, ndipo phindu la manja pa ululu ndi kayendedwe ka chiuno linaonekabe patapita masabata 29. Mu 2013 ku New Zealand, pa anthu 206 a nyamakazi ya chiuno kapena bondo, chithandizo cha manja chinapambana chisamaliro cha masiku onse ngakhale patatha chaka. Koma chaka chomwecho ku Ireland, pa anthu 131, kuwonjezera manja pamwamba pa masewera sikunawonjezere phindu pa kagwiridwe ntchito ka mwendo, ngakhale odwalawo anakhutira kwambiri ndi chithandizo. Ndipo mu 2014 ku Australia, pa anthu 102, mafizo enieni ophatikiza manja, masewera ndi uphungu sanapambane chithandizo chongoyerekezera. Magulu onse awiri anapezako bwino mofanana. Zotsatira za ku Australiazi zinatidodometsa ambiri a ntchito imeneyi, ndipo n'zoyenera kuzinena poyera. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, m'malangizo ake a 2022, linati chithandizo cha manja pa nyamakazi ya chiuno ndi bondo chiganiziridwe pokhapokha chikuyendera limodzi ndi masewera olimbitsa thupi.

Ine maganizo anga, potengera kafukufukuyu ndi zimene ndaona pa odwala kwa zaka zambiri, ndi akuti manja amathandiza, makamaka kwa munthu amene vuto lake lalikulu ndi kuuma ndipo ululu ukumulepheretsa kuyamba masewera. Mvula yoyamba imafewetsa nthaka kuti khasu lilowe, koma siilima m'munda; mukakhala pakhonde dzuwa limaumitsanso nthaka ija. Masiku awiri amene mwendo unapepuka aja ndiyo nthawi yanu yogwira khasu. Odwala amene ndawaona akupita patsogolo ndi amene amachoka pabedi n'kuyamba pomwepo kugwiritsa ntchito madigiri atsopanowo, kenaka n'kupitiriza kunyumba. Amene amangobwera kudzakokedwa, mwezi ndi mwezi, amabwera ali chimodzimodzi.

Za kunyumba sizifuna makina. M'mawa musanadzuke, gonani chagada, gwirani kuseri kwa bondo ndi manja onse kapena ndi chitenje, kokerani bondo kulinga pachifuwa mpaka pamene mukumva kukoka koma osati kubaya, gwirani masekondi 20 mpaka 30, bwerezani katatu. Kenaka pindani mawondo onse, mapazi atatalikirana, n'kumagwetsera mawondo uku ndi uku mofatsa. Zimenezi ndi zosunga kumasuka. Zolimbitsa ndi izi. Muli chigonere chagada, mawondo opinda, finyani matako n'kuwakweza m'mwamba mpaka thupi liwongoke kuchokera pamapewa kufika pamawondo, tsikani pang'onopang'ono. Khalani pampando wolimba, imirirani osagwira kanthu, khalaninso mosadzigwetsa. Kutsikako n'kumene kumalimbitsa kwambiri, choncho musafulumire. Imani mutagwira khoma, tengerani mwendo kumbali phazi litaloza kutsogolo, thupi lisapendekeke, ndipo chitani miyendo yonse iwiri, chifukwa pamene mukukweza wamanzere, wakumanja umene mwaimirawo ndiwo ukugwira ntchito yaikulu. Chilichonse kakhumi, kupuma, kakhumi kenanso, masiku atatu pa sabata. Zikayamba kuphweka wonjezerani: mpando waufupiko, kapena botolo la madzi m'manja. Zikangokhala zophweka mpaka kalekale, mnofu sukula.

Kuwawa pang'ono pochita masewerawa si chizindikiro choti mukuwononga fupa. Muyeso ndi wa mawa lake. Ngati pofika mawa m'mawa ululu wabwerera pamene unali, pitirizani. Ngati wakula n'kukhala choncho kupitirira tsiku lathunthu, mwachita mopitirira, chepetsani, musasiye. Anthu ambiri amasiya m'sabata yachiwiri chifukwa palibe anawauza kuti poyamba zimawawako.

Pa kayendedwe, thupi limadzipezera njira zozembera ululu: sitepe imafupika, munthu amapendekekera mbali yodwala akaponda, msana n'kumagwira ntchito imene chiuno chasiya. Ululu ukachepa chizolowezichi sichichoka chokha, chimafuna kuphunziranso. Yendani pamalo abwino mphindi 10 mpaka 15, mukuyesetsa kuti sitepe za miyendo yonse zikhale zofanana, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono. Ngati mukutsimphina, ndodo si chinthu chochititsa manyazi, koma muigwire kudzanja lamanzere, mbali yosadwala, kuti izipita kutsogolo limodzi ndi mwendo wakumanja. Ambiri amaigwira mbali yolakwika. Chikwama cholemera, modabwitsa, n'chabwino kuchinyamulira mbali yodwalayo, chifukwa chikakhala mbali inayo minofu ya m'mbali mwa chiuno chodwala imakoka kwambiri pofuna kuti musagwe. Dengu la usipa pamutu limawonjezera katundu pa mfundo nthawi iliyonse mwaponda, ndiye ngati n'kotheka ligaweni pawiri kapena likwere kabaza lokha. Pamalo ogulitsira pezani mpando woti mawondo asakwere kuposa chiuno, ndipo muziimirira kamodzikamodzi, osakhala maola ambiri osasuntha. Kuchimbudzi uzani kalipentala akukhomereni mpando wobowola pakati woika padzenje, ndi mtengo wogwirira pambali. Za pamaliro, khalani pampando wanu ndi mtima umodzi. Uzani amayi anzanu awiri atatu za matenda anuwa, enawo adzamva kwa iwo. Ngati thupi ndi lolemera, kuchepetsako ngakhale makilogalamu ochepa kumapeputsa mfundo, popeza kilogalamu iliyonse imachulukitsidwa pamene mukuyenda.

Mudziwa bwanji kuti chithandizo chikugwira? Sankhani zinthu ziwiri zoyezera, musadalire kukumbukira. Choyamba, muwerenge kuti mumatha kuimirira ndi kukhala kangati pampando womwewo m'masekondi 30. Chachiwiri, chinthu chimene chikukuvutani, monga kufikira chidendene pokwecha mapazi. Lembani lero, mudzayesenso pakatha masabata atatu, kenaka pakatha asanu ndi limodzi. Wa mafizo nayenso ayenera kuyeza asanakugwireni ndi atamaliza. Ngati mwapita maulendo anayi kapena asanu ndi limodzi, mukuchita masewera mokhulupirika, koma palibe chasintha, sipafunika kukokedwa mwamphamvu kuposa kale. Pafunika kupimidwanso.

Anzanu a kumsika sakunama kotheratu. Kwa munthu woyenera, choipa chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuphwanya kwa mwendo tsiku limodzi kapena awiri. Koma pali anthu amene sayenera kukokedwa mwadzidzidzi, ndipo kuno kwathu si ochepa. Oyamba ndi amene mutu wa fupa ukufa chifukwa magazi sakufikako. Matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu amene amwa mankhwala a prednisolone nthawi yaitali, omwa mowa kwambiri, a matenda a magazi a sikoselo, ndi amene ali ndi HIV. Kaundula wa maopaleshoni oika chiuno chopanga amene anayambika ku Blantyre anaonetsa mu 2009 kuti chifukwa chachikulu chimene Amalawi amachitidwira opaleshoni imeneyi chinali kufa kwa mutu wa fupa, osati nyamakazi ya ukalamba ngati mmene zilili ku Ulaya. Chovuta chake n'chakuti matendawa akamayamba, X-ray imatha kuoneka yabwinobwino. Choncho munthu wa zaka 30 kapena 40 womva ululu m'mphechepeche ndimamufunsa mafunso ambiri ndisanamugwire mwendo. Ena ndi a mafupa ofooka, makamaka amayi amene anasiya kusamba, monga inuyo, ndiye wa mafizo adziwe ngati munathyokapo fupa pongogwa pang'ono. Enanso ndi amene anaikidwa chiuno chopanga kapena chitsulo, omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, ndi amene anadwalapo khansa ya bere, ya khomo la chiberekero kapena ya prostate, chifukwa imatha kufalikira m'mafupa. Muuzeni mankhwala onse amene mukumwa, a ma ARV ndi ogula nokha omwe. Ngati muli pa ma ARV musawasiye chifukwa cha zimene ndanenazi. Kungoti wokuthandizani adziwe.

Pitani kuchipatala msanga, osadikira tsiku la mafizo, mukaona izi: kutentha thupi pamodzi ndi ululu waukulu m'chiuno, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda popanda chifukwa, popeza TB imagwiranso chiuno ndi msana, ululu wosaleka ngakhale mutagona, wokudzutsani usiku uliwonse, kulephera kuponda mutagwa, makamaka mwendo ukaoneka wafupika ndipo phazi lagwera kunja, dzanzi pakati pa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi. Ndiwonjezere za ana, popeza mwina muli ndi adzukulu. Mwana wa zaka 4 mpaka 10 amene wayamba kutsimphina, kapena wa zaka 10 mpaka 16 wodandaula ntchafu kapena bondo popanda kuvulala, asakokedwe, asathowedwe kapena kutemedwa mphini kaye. Ajambulidwe chiuno. Pa msinkhu umenewo pali matenda a mutu wa fupa amene akachedwa kupezeka amamulemaza mwana moyo wake wonse.

Mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid amathandiza kuti muthe kuchita masewera, koma onsewa ndi a banja limodzi, musawaphatikize, ndipo akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndi kukweza BP. Dokotala akuuzeni woyenera inu ndi nthawi yake. Prednisolone musamugule nokha ngakhale wina atakuuzani kuti anamuthandiza.

Mwana wanu akukufunirani zabwino, ndipo muyamikireni. Ku South Africa alikodi akatswiri amene iye akunenawo, otchedwa ma chiropractor, ovomerezeka ndi lamulo, ndipo njira zawo za manja pa chiuno sizisiyana kwenikweni ndi zimene mwalandira kale. Koma palibe fupa loti libwezedwe, ndipo chithandizo cha milungu iwiri kutali ndi kwanu sichingalowe m'malo mwa miyezi itatu ya masewera pakhomo panu. Ndalama ya ulendoyo ingagwire ntchito yabwino pa thiransipoti yopitira ku mafizo, mpando wa kuchimbudzi, ndi kusungira tsiku limene mungafunike kuonana ndi dokotala wa mafupa. Aliyense wokugwirani mwendo kuno kwathu, kaya kuchipatala cha boma kaya chapulaiveti, akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo muli ndi ufulu womufunsa. Muli ndi ufulunso wokana kukoka kwadzidzidzi kuja ngati kumakuopsani. Njira zofatsa zilipo ndipo zimagwira ntchito.

Ndiye pitirizani, amayi. Mukapitanso mutenge X-ray yanu ndi mankhwala onse, ndipo mupemphe kuti akuyezeni madigiri, akuonetseni masewera atatu kapena anayi, akuoneni mukuwachita, awalembe m'buku lanu la kuchipatala. Si nyamakazi yonse ya m'chiuno imene imafika pa opaleshoni. Ambiri amakhala zaka zochuluka akuyenda ndi kugwira ntchito. Koma ngati patapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi mukuchita zonsezi ululu ukukulepheretsanibe kugona, kapena mtunda umene mumayenda ukufupikirafupikira, pemphani kuonana ndi kiliniko ofesala wa mafupa pachipatala cha boma cha m'boma lanu. Iye ndiye angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku LION, chipatala cha mafupa chimene chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kukakambirana za kuika chiuno chopanga. Ngakhale zitafika pamenepo, minofu imene mwailimbitsa panopa idzakuthandizani kuimirira msanga pambuyo pa opaleshoni.